Kodi Nkoyenera Munthu Wamkulu Kubwerera ku Sukulu Kuti Akhale Mphunzitsi?

Mwa milandu imene anthu amazenga pakhonde madzulo, popanda mfumu kapena nyakwawa woigamula, ulipo umodzi umene wachuluka m'zaka zino, ndiwo wa munthu amene anasiya sukulu kalekale, nalowa m'banja, nabereka ana, nazolowera khasu, sikelo ya pamsika kapena njinga ya kabaza, koma tsiku lina, imvi zitayamba kale kuonekera m'mbali mwa makutu, auza a pabanja pake kuti mtima wake ukufuna kubwerera pa desiki kuti akaphunzire ntchito ya uphunzitsi. Mawu otere sagwa pansi osatoledwa. Atsibweni aitanidwa, apongozi anong'onezana kuseri kwa nkhokwe, abwenzi agawikana pawiri, ndipo mwini nkhaniyo, amene anayesa kuti wanena chinthu cha iye yekha, azindikira kuti wautsa mlandu wa mbumba yonse. Ine ndili nayo mbali imene ndaima pa mlanduwu, ndipo sindidzaibisa. Koma bwalo liyambe laperekedwa kwa otsutsa, pakuti mawu awo ndi olemera, ndipo ambiri a iwo amalankhula chifukwa cha chikondi, osati njiru.

Komabe tisanawamve, tiyambe taona kutalika kwa njira imene munthuyu afuna kuyenda. Wofuna kuphunzitsa ku pulayimale ayenera kukhala ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti okwanira. Ndipo popeza ambiri mwa achikulire amene tikunenawa anagwa pa Chingerezi kapena pa masamu, mwinanso sanafike n'komwe ku Fomu 4, choyamba n'kukalembetsa ku sukulu ya masana imene anthu amaitcha openi, kukakhala benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa ana awo, ndi kulembanso mayeso a MANEB. Akapambana pamenepo, ndiye apikisane ndi unyinji wa anyamata ndi atsikana polimbirana malo ku koleji, kaya ya boma monga za ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, Machinga ndi Phalombe, kaya ya mpingo kapena ya bungwe monga ya Emmanuel, ya Loudon ku Embangweni, kapena za DAPP ku Chilangoma ndi ku Amalika. Kuyambira 2005 maphunziro amenewa, otchedwa IPTE, amatenga zaka ziwiri, gawo lina m'kalasi ku koleji, gawo lina pa sukulu ya pulayimale, kuyeserera kuphunzitsa pamaso pa mphunzitsi wozolowera ntchito. Wofuna kukaphunzitsa ku sekondale njira yake ndi yotalikirapo, yodzera ku Domasi, ku Nalikule kapena ku yunivesite. Chotero, ngakhale zonse zitayenda myaa, zipita zaka zitatu kapena zinayi munthu asanagwire kanthu m'manja.

Otsutsa amayambira pa mphika, ndipo achita bwino kuyambira pamenepo. Atsibweni, amene ndiwo mwinimbumba, angathe kunena motere: "Muphwa wanga, ife sitikana kuti sukulu ndi yabwino. Koma tatiuzani, m'zaka zimene mudzakhala muli ku koleji, adzalima ndani munda wa kudambo, feteleza adzagula ndani, ndipo mwana wanu wachisamba, amene chaka chamawa alowa Fomu 1, yunifolomu, makope ndi nsapato adzamugulira ndani? Nyengo yanu inapita. Ino ndi nyengo ya ana anu. Mapanga awiri avumbwitsa." Ndipo ngati atsibweniwo ali mkulu wa mpingo, sadzalephera kukumbutsa fanizo la munthu uja anaika maziko a nsanja asanakhale pansi kuwerengera mtengo wake, natsala chinthu choseketsa odutsa m'njira. Mawu amenewa sindiwapeputsa ngakhale pang'ono, chifukwa katundu wa ulendo wotere sasenza wopitayo, asenza wotsalayo. Bambo akapita ku koleji, mayi ndiye alima yekha, ayenda yekha ku chipatala usiku mwana akatentha thupi, akongola ku banki mkhonde kuti atumize ndalama ya sopo kwa mwamuna amene kale ndiye anali kubweretsa sopoyo. Ndipo ngati bamboyo ndi mkamwini, abale a mkazi sachedwa kufunsa kuti kodi anabwera pamudzi pano kudzamanga banja kapena kudzawerenga mabuku. Akakhala mayi wopitayo, milomo ya m'mudzi ichuluka koposa, pakuti alipo amuna amene sagona tulo poganiza kuti akazi awo ali ku chigonero pakati pa anthu achilendo, ndipo alipo apongozi amene amaona ngati chipongwe kuti mwana wawo wamwamuna aziphikira ana.

Pamwamba pa apo, otsutsa anena chinthu china chowawa, ndicho chakuti satifiketi ya uphunzitsi masiku ano si kalata ya ntchito. Kale munthu ankatuluka pa chipata cha koleji akudziwa kale sukulu imene akagwireko. Koma m'zaka zapitazi magulu athunthu a omaliza IPTE akhala pakhomo chaka, zaka ziwiri, ena kupitirira apo, kudikira kuti boma lipeze ndalama zowalembera, ndipo ambiri alowa poyamba monga aphunzitsi othandizira, a malipiro ochepa ndi pangano la miyezi yowerengeka. Mnyamata wa zaka 23 angathe kudikira, popeza akali kudya nsima ya amake. Koma bambo wa zaka 42, amene anagulitsa njinga ndi mbuzi kuti akaphunzire, adzadikira akudya chiyani, ndipo ana ake adzadya chiyani? Lamulo la ntchito za boma limapumitsa munthu akakwanitsa zaka 60, kotero kuti wolowa mochedwa alowa pa giredi yapansi imene anthu amaitchabe PT4, nakhala pansi pa ahedi amene angathe kukhala msinkhu wa mwana wake, napuma asanakwere kwenikweni, ndi penshoni yochepa monga zachepera zaka zake za ntchito. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, atero iwo, ndipo woyamba mochedwa angothamanga chabe.

Ena mwa otsutsa sayang'ana banja la munthuyo koma dziko lonse, ndipo awa ndiwo amandivuta kuwayankha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osafika zaka 18. Chaka ndi chaka sekondale zimatulutsa achinyamata zikwizikwi amene alibe kolowera, pamene mabedi a ku koleji ndi owerengeka, ndipo lililonse limadya ndalama za msonkho. Bedi limene lapatsidwa kwa munthu wa zaka 40 lamanidwa kwa wa zaka 20. Woyambayo adzatumikira dziko zaka zosafika 20, pamene wachiwiriyo akadatumikira zaka pafupifupi 40. N'chifukwa chake zikalata zoitanira anthu ku makoleji a boma kawirikawiri zimaika malire a zaka zakubadwa, ndipo wopitirira malirewo atsala ndi makoleji olipira okha. Awonjezanso kuti munthu amene anakula ndi chikoti ndi kuloweza adzavutika kulandira njira za lero zophunzitsira kuwerenga mwa maliwu ndi maphatikizo, ndi kusunga kalasi popanda kumenya, chimene Unduna wa Zamaphunziro uletsa; ndiponso kuti ena amathawira ku uphunzitsi geni itagwa, osati chifukwa chokonda ana.

Tsopano imvani mbali inayo. Ndipo poyamba tichotse ganizo lakuti kuphunzitsa achikulire uphunzitsi ndi chinthu chachilendo m'dziko muno. Pamene boma la atsamunda linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi mu 1929, silinafune anyamata ongotuluka kumene m'kalasi, koma amuna okhwima amene mamishoni anawasankha pakati pa aphunzitsi awo. Ndipo sanapite okha, koma anatenga akazi awo ndi ana awo, nakhala m'timanyumba tomangidwa ngati mudzi, bambo akuphunzira kuyang'anira sukulu za m'midzi, mayi akuphunzira zaukhondo, kusoka ndi kulera ana, mpaka pambuyo pake mafumu nawonso anayamba kupitako. Zambiri za ulamuliro umenewo sitizilira. Koma pa chinthu ichi anaona choona chimene ife tachiiwala, chakuti mphunzitsi wa kumudzi saphunzitsa ndi choko chokha, koma ndi khomo lake, munda wake ndi makhalidwe a banja lake, ndiponso kuti ukafuna munthu wamkulu aphunzire, usamulekanitse ndi banja lake, koma ukonze njira yoti banjalo lisavutike.

Ndipo mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana nachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, dziko silinafunse munthu za imvi zake. Linalemba anthu pafupifupi 20,000 osaphunzira uphunzitsi, litangowalangiza masabata owerengeka, linaitananso ena amene anali atapuma kale, ndipo kuyambira 1997 linayamba kuwaphunzitsa mwa dongosolo la MIITEP, miyezi itatu ku koleji, yotsalayo akuphunzira ali pa ntchito. Nkhani imeneyi ndi mpeni wakuthwa konsekonse, ndipo sindifuna kuigwira mbali imodzi yokha. Ionetsa kuti munthu wosakonzekera bwino akaikidwa pamaso pa ana, ovutika ndi anawo, pakuti ambiri a nthawi imeneyo anafika Sitandade 4 osatha kuwerenga; chotero wamkulu wofuna uphunzitsi asapemphe njira yachidule chifukwa cha msinkhu wake, alembe mayeso omwewo, akonze masikimu ndi malesoni pulani omwewo. Koma ionetsanso kuti anthu ochuluka ndithu, ena ali kale ndi mabanja ndi ana pamsana, anaphunzira ntchitoyi usiku pa koloboyi atagwira ntchito usana wonse, nakhoza, ndipo ena mwa iwo anadzakhala ahedi ndi alangizi a maphunziro. Nzeru sizinawathawe chifukwa chakuti anali ndi ana.

Pali ngongole imene dziko lili nayo kwa anthu amenewa, ndipo pa iyo mtima wanga umatentha. Kodi ndani amene lero ali ndi zaka 40 kapena kuposerapo, nalakalaka kubwerera ku sukulu? Si waulesi ayi, pakuti waulesi salakalaka mayeso. Ndi uja anabwezedwa kunyumba chifukwa bambo ake analibe ndalama ya fizi, masiku amene pulayimale inali yolipira. Ndi uja anakhoza Sitandade 8 kawiri kapena katatu osasankhidwa, popeza malo a ku sekondale anali ochepa zedi. Ndi uja makolo ake anamwalira m'zaka zimene Edzi inasesa midzi, iye natsala mayi ndi bambo wa azing'ono ake. Ndi mtsikana uja anatenga pathupi chisanafike chaka cha 1993, pamene lamulo lolola wotere kubwerera ku sukulu linali lisanabwere, nachotsedwa kotheratu, pamene mnyamata wompatsa pathupiyo nthawi zambiri anapitiriza maphunziro. M'fanizo la antchito a m'munda wamphesa, aja analowa dzuwa litapendeka sanachedwe chifukwa chokonda mthunzi, koma chifukwa panalibe wowalemba. Ndipo mwini munda sanawabweze. Kuuza anthu otere kuti nyengo yawo inapita ndiko kuwalanga kachiwiri pa mlandu umene sanapalamule. Ndipo wina wa iwo akalimba mtima nakakhala pa benchi la openi, ana akumuseka kuti agogo abwera, ayenera kulemekezedwa, pakuti wadziwa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Komatu sindifuna kuti wamkulu aloledwe chifukwa cha chifundo chokha, ngati kuti sukulu ndi malo operekera chipepeso. Ndinena kuti sukulu zathu zikumufuna. Lowani m'kalasi ya Sitandade 1 pa sukulu ya kumudzi, kumene muyezo wa boma wa mphunzitsi mmodzi pa ana 60 ndi loto chabe, ndipo ana oposa 100 akhala pansi kapena pa miyala patsinde pa mtengo. Mmenemo muli wina wabwera osadya, wina malungo akumuyamba, wina wadzikodzera ndipo akuopa kuimirira, wina sakumva bwino khutu limodzi koma palibe anazindikira. Mayi amene walera ana asanu amaona zonsezi asanatsegule rejisitala, ndipo amasiyanitsa mwana waulesi ndi mwana wanjala, chinthu chimene koleji ingathe kuchitchula koma singathe kuchiika m'maso mwa munthu. Za chikoti zija, sindinaone kuti ukali uli ndi msinkhu. Alipo anyamata opsa mtima msanga, alipo ndi achikulire odekha, ndipo kawirikawiri amene anadikirapo usiku wonse pambali pa mwana wodwala ndiye amachedwa kukweza dzanja. Njira za maliwu angathe kuziphunzira, monga anaphunzirira kutumiza ndalama pa foni.

Taonaninso za kunja kwa kalasi. Mtsikana akasowa ku sukulu masabata atatu, namveka kuti akufuna kumukwatitsa. Anyamata akathawira ku usodzi, ku fodya kapena kubusa. Chinamwali kapena gule zikagundana ndi masiku a sukulu. Pafunika munthu woti akakhale pamphasa ndi makolo ndi mfumu, nalankhula mwaulemu koma mosaopa. Mphunzitsi wa zaka 22, mlendo wochokera kutauni, amumvera ndi makutu okha, akachoka n'kunena kuti mwanayu adziwa chiyani za banja. Koma munthu amene anamuona akukumba nawo manda, akuweruza nawo milandu ya maukwati, akanena kuti mwana abwerere ku sukulu, mawu ake amalemera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa sukulu moto subuka kamodzi.

Apa ndipo ndiyankha aja owerengera zaka. Masamu awo ndi oona pa pepala, koma awerenga zaka zimene munthu angathe kugwira ntchito, osawerenga zaka zimene adzakhale pamalo pamene akufunika. Aliyense wodziwa sukulu za ku Makanjira, ku Chapananga kapena ku Nthalire adziwa kuti vuto lalikulu si kutumizako mphunzitsi, koma kumusunga. Mnyamata afika, apeza nyumba palibe, magetsi palibe, msika uli kutali. Asanathe zaka ziwiri ayamba kuyendera ofesi kupempha kusamutsidwa, kapena akhala akuwerenga usiku kuti apite ku Domasi, achoke ku pulayimale. Mtsikana akwatiwa ndi wa ntchito ya m'tauni, namtsata. N'chifukwa chake aphunzitsi aakazi achuluka m'mizinda, pamene kumidzi, kumene atsikana afunikira chitsanzo koposa, asowa. Sindiwadzudzula achinyamatawo, pakuti aliyense afuna pabwino, ndipo alawansi ya kumudzi ndi yochepa poyerekeza ndi zimene amasiya. Koma mayi wa zaka 40 amene nyumba yake, munda wake ndi manda a makolo ake zili pamtunda woyenda pansi kuchokera pa sukuluyo, sapita kulikonse. Zaka zake 17 kapena 18 zidzathera pa ana a mudzi womwewo, ndipo kwa mwana wa ku Makanjira zaka 18 za mphunzitsi wokhazikika ziposa zaka 38 za mphunzitsi amene anakhalako ziwiri zokha.

Pa mlandu wa banja, ndivomereza kuti atsibweni apambana theka. Munthu amene mkazi wake kapena mwamuna wake sanavomere ndi mtima wonse, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo. Munthu amene ulendo wake uchotsetsa mwana wake sukulu. Munthu amene ayenera kutenga katapila kuti alipire koleji. Ameneyo ayambe wadikira, ndipo ngati kudikirako kudzakhala kwa moyo wonse, sanachimwe. Koma mwayi wake ndi wakuti gawo loyamba la ulendowu silifuna kuchoka pakhomo. Sukulu ya openi imakumana masana, munthu atachoka kumunda, ndipo chaka chimodzi chimenecho chimayesa zonse: chionetsa ngati mutu ukali kugwira, ngati banja lingathe kupirira, ngati kulakalakako kunali kwa ana kapena kwa malipiro a pamwezi. Wothawira ku uphunzitsi chifukwa geni yagwa sapirira chaka chathunthu cha masamu a Fomu 4 pakati pa ana omuseka. Ndipo ngakhale atalekera pa MSCE, sanataye kanthu, pakuti pakhomo pake padzakhala kholo lotha kuthandiza mwana pa ntchito ya kunyumba, ndi ana amene anaona bambo kapena mayi awo akuwerenga buku nsima itatha. Za kudikira ntchito, chimenecho ndi chilonda cha onse, wamng'ono ndi wamkulu yemwe, ndipo mankhwala ake ali m'manja mwa aphungu pogawa ndalama za boma, osati m'kutsekera khomo gulu limodzi la anthu.

Chimene ndipempha kwa a Unduna wa Zamaphunziro si kuchotsa achinyamata m'makoleji, koma kupatula malo owerengeka m'gulu lililonse, opanda malire a zaka, kaamba ka achikulire amene aonetsa kale mtima wawo ndi ntchito. Alipo ambiri: alezi a m'sukulu za mkombaphala amene agwira zaka zambiri osalandira kanthu, aphunzitsi a sukulu za kwacha, amayi a m'magulu oyang'anira atsikana pa sukulu, ndi aphunzitsi odzipereka amene makolo amawasonkhera kangachepe pamwezi. Otere akhoze mayeso olowera monga wina aliyense, komiti ya sukulu ndi mfumu ziwachitire umboni, ndipo asaine pangano lakuti adzaphunzitsa m'zoni ya kwawo kufikira atapuma. Njira yake sitiyenera kuifuna kutali, pakuti mu 2010 boma linayambitsa maphunziro a uphunzitsi a ODL, amene ankatenga anthu m'madera osowa aphunzitsi, nawaphunzitsa ali pa sukulu za kwawo komweko, kumapita ku koleji pa tchuthi pokha. Dongosolo limenelo linali ndi zofooka zake, makamaka kuchepa kwa owayendera ndi kuwalangiza m'kalasi. Koma zofooka zimenezo n'zokonzeka, ndipo kwa mayi amene sangathe kusiya ana ake miyezi yambiri ku chigonero, kapena mkamwini amene sangathe kusiya munda nyengo ziwiri za dzinja, palibe khomo lina lolowera loposa limeneli.